Adadi Ali M'menemo

Amene anaponya kagemu ka Kabatani m'beseni la madzi a sopo ndi mayi ake omubereka. Sikanawapulumuke m'manja ayi, anachita dala. Tiyambire pomwepo, kuti pasapezeke wina wonena kuti nkhaniyi yabisa mbali.

Linali Loweruka m'mawa. Mayiwo ntchito yawo inali yochapa ndi kusita zovala za anthu, ndipo tsiku limenelo zovala zinachita kuunjikana mpaka pawindo. Iwo anali panja, ataweramira beseni, akulimbana ndi makolala. Kabatani, mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi, anamusiya m'nyumba ndi nsimbi yamagetsi kuti asite yunifolomu yoyera ya anamwino ena a kuseri kwa msewu. Ntchito yake ya mphindi zisanu basi. Koma m'thumba la siketi yake munali kagemu kam'manja, kakang'ono ngati sopo wosambira, ka mabatani anayi ndi kagalasi kokalika pakona. Anati angokasuzumira pang'ono. Nsimbi anaigoneka pamsana pa yunifolomu.

Fungo ndilo linayamba kufika panja. Mayi analowa manja ali thovu lokhalokha, napeza utsi uli tolo patebulo, mwana ali chiimire pomwepo, mutu uli pansi, zala zikuvina. Ananyamula nsimbi. Pamsana pa yunifolomu panali chibowo chofanana ndi nsimbi yomweyo, m'mphepete muli bii.

Anaika nsimbi pambali. Anatsomphola kagemu, n'kutuluka nako, n'kukaponya m'beseni, chubwi!

Kabatani anakuwa kukuwa kumene sanakuwepo ngakhale tsiku la maliro a bambo ake. Anagwada m'matope, napisa manja onse awiri m'thovu, akufufuza pakati pa zovala za eni.

"Adadi ali m'menemo! Amayi, Adadi ali m'menemo!"

"Bambo ako ali kumanda, iwe! Anawakwirira ine ndikuona ndi maso angawa. M'menemo muli masokosi a anthu."

Mayiwo sankadziwa chimene mwana ankanena, chifukwa panalibe anawauzapo. Kagemuko kanali ka malemu amuna awo, amene anali dalaivala wa lole. Anakagula kogwiritsidwa kale ntchito kuti azitayitsira nthawi podikira kuti apakire katundu. M'kati mwake munali sewero limodzi lokha, la kamunthu konyamula nyali, kodutsa m'mapanga a mdima kwinaku kakuzemba mileme. Kagemuko kanali ndi tizipinda titatu tosungiramo pamene munthu walekezera. Pa kachipinda koyamba bamboyo analembapo ndi dzanja lake kuti ADADI. Kachiwiri kanali ka mwana wake, amene anamupatsa yekha dzina loti Kabatani chifukwa ali wakhanda ankadina chilichonse chodinika m'nyumba. Akabwera kuulendo ankakhala awiriwo pakhonde kulandirana, wina akafa wina n'kutenga. Bamboyo analekezera pa phanga la 19, nasiyira mwana wake mawu.

"Usandidutse, wamva? Ukafika pa 19 undidikire. Tikatulukira limodzi kunjako."

Tsopano panali patapita miyezi isanu ndi iwiri chimwalirireni bamboyo. Tsiku lililonse Kabatani ankatsegula kachipinda ka ADADI osadina kalikonse. Kamunthu kaja kankangoima pakhomo pa phanga, kapamtima kakukwera ndi kutsika ngati kakupuma, nyali ikuphethira. Akakhuta kuyang'ana ankalowa m'kachipinda kake, kusewera mpaka pa 19, kufufuta, kuyambiranso pa phanga loyamba.

Musaganize kuti ankangokakonda. Ankadana nakonso, chidani chochokera m'mafupa. Tsiku limene bambo ake ankapita nawo kuchipatala, anaima pakhomo atatsamira paphewa la mayi, akupuma movutikira, naitana kuti, "Kabatani, ine ndapita." Iye anali pakati pa mileme. Anangoti, "Eee, dikirani kaye," osadzutsa mutu. Pamene amadzutsa mutu, galimoto inali itakhota kale. Nkhope ya bambo ake ya tsiku limenelo sanaione, chifukwa cha kanthu kameneka. Kawiri konse anakakankhira pansi pa sutikesi, nalumbira kuti sadzakakhudzanso. Kawiri konse ola silinathe asanakatulutse.

Ndiye atakapeza pansi pa beseni anathamanga nako osavala nsapato, madzi akudontha m'zigongono, mpaka kumsika.

Wokonza mafoni pamsikapo anali mmodzi yekha, bambo wadazi amene aliyense ankangomutcha a Waya. Kashopu kawo kanapanikizika pakati pa wometa ndi wosoka nsapato, ndipo patebulo pawo panali mulu wa mafoni akufa umene iwo ankautcha manda.

"Wakasambitsa?" anafunsa a Waya, akukagwira ndi zala ziwiri.

"Amayi akaponya m'madzi."

"Kanawatukwana?"

Kabatani sanaseke. A Waya anasiya nthabwala, natsitsa magalasi pamphuno.

"Wakayatsa?"

"Ayi."

"Ndiyang'ane kumaso. Chikatulukireni m'madzi, wadina batani loyatsira?"

"Ayi, ndangothamanga nako."

"Ndiye uli ndi mwayi. Madzi paokha sapha makina, mwana iwe. Koma madzi akakhala m'kati, iwe n'kulowetsamo moto, motowo umadutsa njira zachidule, n'kukaotcha ubongo. Manda ukuwaonawa, theka anaphedwa ndi eni ake, pofuna kungoona ngati ali moyo."

Anamasula tizitsulo tinayi, nachotsa batire, natsegula mimba ya kagemu. Munali thovu. Anathira sipiriti pamswachi wakale, napukuta pang'onopang'ono ngati akutsuka bala. Kenako analoza ndi nsonga ya singano kanthu kakuda, kakang'ono ngati chikhadabo cha mwana.

"Zonse ukulirazo zili umu. Ukulira chiyani kwenikweni? Mapointi?"

"Muli dzina la adadi anga. Anamwalira."

A Waya anaika singano pansi. Atayambanso kulankhula, mawu anali atatsika.

"Tamvera bwino. Pansi pa kakudaka mswachi sufika. Madzi a pamenepo amachoka okha, pa nthawi yawo. Masiku atatu. Kasiye pano."

"Ayi."

"Sindikadya, ndili ndi mano awiri okha."

"Sindingagone kali kwina. Chonde, a Waya."

A Waya anamuyang'ana, napukusa mutu. Anatseka kagemu, koma batire analikulunga papepala palokha.

"Awiriwa ukwati watha kaye. Asagone chipinda chimodzi mpaka Lachiwiri madzulo. Udzabwere nawo onse, wodzawagwirizanitsa ndine, osati iwe. Ukaike pamalo pouma, podutsa mphepo, osati padzuwa. Ndanena kuti liti?"

"Lachiwiri madzulo."

"Lolemba ndi Lachiwiri?"

"Ayi."

"Pita."

Kunyumba anapeza mayi ake atangobwera kumene kwa anamwino aja, kumene anapita kukapepesa. Anamwinowo sanakalipe. Anangotumiza mwana kuti akatenge zovala zawo zonse, zonyowa ndi zouma zomwe, ndipo kasitomala wa zaka zisanu anathera pomwepo. M'nyumbamo munalowa chete woipa. Mbale ndizo zinkalankhula poziika patebulo. Kabatani anayala kansalu pamwamba pa kabati, nagonekapo kagemu. Batire analibisa m'kachikwama ka mapensulo.

Lamulungu linali lalitali ngati chaka. Zala zake zazikulu zinkadina bondo zokha, kumanzere, kumanzere, kulumpha. Akatseka maso ankaona mileme. Ankakwera pampando kukasuzumira pakabati, kutsika, kukweranso. Koma panali china chimene chinamuchititsa manyazi kwambiri. Pofika masana anazindikira kuti khosi silikumuwawa. Masamu amene anamukanika sabata yathunthu anawamaliza. Anaona kamwana ka aneba kakuyenda kokha pabwalo, nadabwa kuti kanayamba liti, poti iye ankakadziwa kakukwawa. M'mutu mwake munadutsa mawu akuti, bola kangoferatu ndipume. Anadzimenya pakamwa ndi dzanja lake lomwe. Ukufuna ndani afe? Adadi afe kawiri?

Lolemba kusukulu sanamve kalikonse. Aphunzitsi anamuitana katatu, anzake n'kumaseka kuti Kabatani batire latha. Iye mtima unali pakabati. Nanga bwanji ngati madzi aja anafufuta kale zonse, ndipo akungodikira pachabe? Nanga bwanji ngati a Waya anangomusangalatsa pomuona akulira? Funso limeneli linamudya kuyambira belu loyamba mpaka lomaliza, ndipo poweruka sanadikire mnzake aliyense.

M'nyumba munalibe munthu. Mayi anali atapita kukapereka zovala. Dzuwa linali likuswa mtengo, malata akuchita kulira. Kabatani anatsitsa kagemu. Kanali kouma gwa. Anakagwedeza pafupi ndi khutu, osamva kanthu. Anakanunkhiza, kankangomveka sipiriti. Masiku awiri otentha chonchi, si chimodzimodzi masiku atatu ozizira? A Waya anangowonjezera tsiku, akuluakulu amatero.

"Kamodzi kokha," ananena yekha. "Ndingoona dzina, n'kuzimitsa."

Mawu amenewa, akuti kamodzi kokha, anali atawanena kambirimbiri pamoyo wake, ndipo sanawasungepo n'kamodzi komwe.

Anamasula pepala. Batire linalowa, khethe. Anadina.

Kagalasi kanawala. Kanyimbo kaja kanalira, kosasa pang'ono koma komweko. Tizipinda titatu tinaoneka, ndipo pamwamba penipeni panali zilembo zisanu, ADADI. Misozi inangoti mbwe. Apa ndiye pamene anayenera kuzimitsa. Waona dzina, zimitsa! Koma chala chinali chitadina kale, monga chinazolowera. Kamunthu kaja kanali pomwepo, pakhomo pa phanga la 19, nyali ili m'manja, kapamtima kakukwera ndi kutsika.

"Adadi," anatero, "mwandidikira."

Kenako m'kati munamveka kaphokoso ngati dontho la madzi pansimbi yamoto. Pagalasi panadutsa mizere. Nyali ija inasanduka yobiriwira, kamunthu kanang'ambika pakati, ndipo kunada. Kumsana kwa kagemu kunatentha, n'kutuluka fungo ngati la tsitsi lopserera.

Anadina. Anadinanso. Anachotsa batire, kulipukuta pamalaya, kulibwezera, kudina ndi zala ziwiri. Anakapempha, anakatukwana, anakagogoda patebulo. Palibe.

Ulendo uno anathamanga atavala yunifolomu yasukulu, akugunda anthu m'njira osapepesa. Atakhota pa wometa uja anaima ngati wagunda khoma. Pa kashopu ka a Waya panali mayi ake, dengu la zovala zosita lili pansi pambali pawo. Mawu aja a pabeseni anali atawakana tulo masiku awiri, ndipo poti mwana sankawalankhula, anabwera okha kudzafunsa kwa wokonza kuti m'kanthuko munali chiyani. A Waya anali atangomaliza kuwafotokozera, akuwalimbitsa mtima kuti mawa zonse zikhala bwino.

Kabatani anaika kagemu patebulo. A Waya sanakatsegule n'komwe. Anangokafikitsa pamphuno.

"Wayatsa."

"Kamphindi kokha..."

"Lero ndi Lachingati?"

"Kanali kouma! Ndinakagwedeza! A Waya, chonde, tsegulani, pukutaninso ndi mswachi uja. Ndidikira masiku khumi. Ndidikira mwezi. Ndikusiyirani pompano, sindikakhudza, ndikulumbira."

A Waya anakatsegula kuti mwanayo aone yekha. Kanthu kakuda kaja kanali katatupa pakati, n'kung'aluka ngati nyemba yokazinga.

"Ubongo wapsa, mwana wanga. Ngakhale utapita nako kumene anakapanga, umu mulibenso munthu."

Kabatani anatembenukira mayi ake, maso ali psu.

"Ndinu! Mukanapanda kukaponya m'madzi..."

"Inde, ndine," anatero mayi, osaphethira. "Ndinaponya, sindikukana. Ndipo iwe wayatsa. Tonse tili ndi manja. Koma undiyankhe ichi, pompano, a Waya akumva. Miyezi isanu ndi iwiri bambo ako ali m'thumba mwako, ine osandionetsa? Foni yawo inasowa kuchipatala. Malaya awo abale anagawana. Ine ndimagona ndikuyang'ana msomali umene ankakolekapo jekete, msomali! Iwe uli ndi dzina lolemba okha ndi dzanja lawo, n'kumakaonera wekha kuseri kwa chitseko? Ndinakwatiwa ndi mtengo ine? Sanali amuna anga?"

"Mukanakatenga. Mumadana nako."

"Ndimadana ndi chimene chandilanda mwana! Ndimalankhula ndi liwombo lako, nkhope yako ndinaiwala. Ndikanadziwa bwanji?"

Wometa anali atazimitsa makina ake, kasitomala ali ndi theka la mutu. Kabatani anakhala pansi pafumbi, nakumbatira mawondo. Mawu anatuluka odukaduka.

"Nanenso ndimadana nako, Amayi. Tsiku lija anandiitana pakhomo. Anati ndapita. Ine sindinadzutse mutu. Ndinati dikirani. Ndinawauza adadi kuti dikirani! Ndikakayang'ana ndimafuna kukaswa ndi mwala. Koma ndikakasiya, ndiye kuti ndawasiyanso okha pakhomo paja. Ndiye ndimangosewera, kusewera, osadziwa potulukira."

Mayi anamuyandikira. Kenako anagwada pafumbi pomwepo, mawondo akulira, namugwira mwana chibwano ndi dzanja lawo lokhakhala ndi sopo, n'kumudzutsa mutu.

"Ndiye mtolo umenewu wausenza wekha miyezi yonseyi? Chitsiru cha mwana. Ine ndinali pomwepo. Ndinafuna kukulanda kanthuko tsiku lomwelo, n'kukuwomba nako. Ukudziwa anati chiyani bambo ako? Munthu mpweya ukumuthawa, anaseka. Anati, 'Msiyeni, wazingidwa ndi mileme, akadzutsa mutu afa.' Anatsika masitepe akuseka."

Mayi sanamusiye chibwano, anapitiriza.

"Ukufuna umve za ine? Kuchipatala, akuwalowetsa pa chitseko chimene sanatulukirenso, ukudziwa mawu anga omaliza? Ndinati, 'Taonani malaya mwavalawa, osasita, mundichititsa manyazi kwa anthu.' Munthu akufa, ine ndikulimbana ndi kolala. Ndiye usabwere pano kudzadzitenga ngati wochimwa wamkulu. Ima pamzere, kumbuyo kwanga."

Mwana anaseka ndi kulira nthawi imodzi, mamina ndi misozi zosasiyanitsika, ndipo mayi anamupukuta ndi nsonga ya nsalu yawo mwankhanza, ngati akuchotsa dothi pakolala. A Waya anali atatembenukira kukhoma, akufunafuna chinthu chimene sichinasowe. Atatsokomola kawiri anafunsa.

"Nanga mtembowu, mutenga, kapena ndiuike m'manda mwangamu?"

Kabatani anaimirira, nanyamula kagemu. Kanali kopepuka, kozizira. Kwa nthawi yoyamba chala chake sichinafune kudina kalikonse. Anakatembenuza uku ndi uku, osadziwa ngati akulira maliro kapena wamasulidwa chingwe. Mayi ake anatambasula dzanja.

"Bweretsa ndikagwireko. Sindinakagwirepo bwinobwino, kupatula pokaponya."

Anakayang'ana pafupi, nasisita batani limodzi limene linali lodyeka kuposa anzake, losalala ngati mwala wa mumtsinje.

"Ili analidya ndani?"

"Adadi. Ndi lolumphira. Ankadina ndi mphamvu ngati akuliza hutala."

"Ndi iwowo," anatero mayi. "Chilichonse ndi mphamvu." Anakalowetsa m'thumba la epuloni yawo. "Kano ndisunga ndine tsopano, nawenso umve kuwawa kwake kopempha. Nyamula dengulo, zovala za anthu zikuchedwa. Ndipo uyambe kundiuza. Kuyambira phanga loyamba, osadumpha. Analowamo kukatani munthu wamkulu ndi ndevu zake?"

Anayenda choncho pakati pa msika, mwana dengu lili pamutu, maso ali kutsogolo, akufotokoza za nyali ndi mileme, ndi momwe bambo ake anagwera m'dzenje limodzi ka khumi ndi kawiri n'kumanamizira kuti batani lauma. Mayi ankamudula pafupipafupi, kutsutsa, kufunsa, kutukwana mileme. Pofika pakhomo la kasitomala woyamba anali ali pa phanga lachitatu.

Kagemu sikanadzukenso, ndipo musadikire kuti ndikunamizeni kuti kanadzuka. Dzina lija linapita. Tsopano inu amene mwawerenga mpaka pano, musayambe kundiuza kuti wolakwa ndi mayi kapena mwana, amenewo athana okha. Ine ndikufunsa za inu. M'nyumba mwanumo muli munthu amene mukulira naye maliro amodzi, aliyense kuseri kwa chitseko chake. Mudzamugogodera liti? Musayang'ane kumbali. Ndiyankheni.